Mbalame zakutchire zikayamba kufa ndi chimfine, boma lili ndi mphamvu zotani? Mafunso ndi mayankho a oweta nkhuku ku Dedza

Ndimaweta nkhuku zachikuda ndi abakha ochepa chakuno ku Linthipe, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikuthandiza anzanga a m'gulu lathu kudontheza katemera wa chitopa m'maso mwa nkhuku. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe anthu amandifunsa tikakhala pamsonkhano kapena pa WhatsApp, makamaka wailesi ikanena za chimfine cha mbalame kwa anzathu akummwera. Ndawayankha monga mlimi amene anafunsafunsa ndi kuwerenga, chifukwa nkhaniyi imandikhudza pakhola panga pomwe.

Kodi chimfine cha mbalame si chitopa chomwechi, angochipatsa dzina lina?

Ayi. Ndi matenda awiri, tizilombo take n'tosiyana, koma ukaona ndi maso amafanana kwambiri. Nkhuku imazyolika, imatsekula m'mimba zobiriwira, mutu umatupa, lipombo limada, ndipo m'mawa umapeza zingapo zili gada m'khola. Ngakhale mlangizi wa ziweto wodziwa ntchito sangalumbire pongoyang'ana. Chotsimikiza ndi labotale basi, ndipo yathu yaikulu ndi Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, komwenso kumachokera katemera wa chitopa wotchedwa I-2 amene timadonthezayu.

Kusiyana kwake kukuluko n'kwakuti katemera wa chitopa sateteza ku chimfine cha mbalame, ndiponso chimfinechi chimatha kulowa mwa munthu. Mtundu wotchuka ndi H5N1. Unapezeka koyamba mwa atsekwe ku Guangdong, ku China, mu 1996. Chaka chotsatira ku Hong Kong anthu 18 anadwala, 6 anamwalira, boma n'kupha nkhuku zonse za mumzindawo, zoposa miliyoni imodzi. Chiyambire 2003, bungwe la WHO lawerenga anthu oposa 800 amene anadwala H5N1, ndipo pafupifupi theka la iwo anamwalira. Ambiri anali atagwira, kusosola kapena kutumbula nkhuku zodwala. Kupatsirana munthu ndi munthu sikuchitika kawirikawiri.

Ndiye mukaona nkhuku zimene munazipatsa katemera miyezi iwiri yapitayo zikufa motsatizana, musanene kuti katemerayo anali wosukuluka n'kungokhala. Chimenecho ndi chifukwa chokwanira choitanira a vetenale tsiku lomwelo.

Mbalame zakutchire zikulowapo bwanji?

Kachilomboka kwawo kwenikweni ndi mwa mbalame za m'madzi: abakha akutchire, atsekwe ndi zina zoyenda m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo. Zina zimakhala nako osadwala, n'kumakasiya m'zitosi ndi m'madzi. Chaka chilichonse, kuyambira cha mu Seputembala ndi Okutobala, mbalame zochokera ku Ulaya ndi ku Asia zimatsika kutsata chigwa chachikulu momwe muli nyanja yathuyi, n'kubwerera cha mu Malichi ndi Epulo. Ife a ku Dedza tili nacho chigawo cha nyanja kumunsi kwa Mtakataka ndi Golomoti, tili ndi minda ya mpunga ku Bwanje, tili ndi madambo osawerengeka kumtunda kuno. Bakha wapakhomo amene amakasambira padamu limodzi ndi wakutchire madzulo amadzagona khola limodzi ndi nkhuku. Njira yake ndi imeneyo.

Si nthano zakutali. Mu Januwale 2017 mbalame zambiri zinafa m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Uganda ndi mtundu wa H5N8, ndipo matendawo anafikanso kwa abakha ndi nkhuku zapakhomo. Chaka chomwecho analowa m'mafamu a nkhuku ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Mu 2021 mbalame za m'nyanja zoposa 20,000 zinafa kugombe la Western Cape ku South Africa komweko. Mu Okutobala 2023 anzathu a ku Mozambique anapha ndi kutentha nkhuku zoikira zoposa 45,000 m'chigawo cha Inhambane. Inhambane ndi kutali ndi Angónia, dera la ku Mozambique lochita malire ndi Dedza, inde, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mbalame yakutchire ilibe mwini. Boma lingailamule bwanji?

Apa ndi pamene ambiri timaphonya. M'malamulo a dziko lino mbalame yakutchire ili ndi mwini. Lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, lomwe analikonzanso mu 2004 ndi mu 2017, limati nyama iliyonse yakutchire imene ili m'malo ake achilengedwe ili m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko m'malo mwa Amalawi onse. Nkhwali, njiwa, kakowa, zonse zili m'menemo. Woyang'anira m'malo mwake ndi nthambi yoona za nkhalango zosungira nyama ndi nyama zakutchire. Lamulo lomwelo ndi limene limakamba za ziphaso zosakira, kuphatikizapo chiphaso cha mbalame, ndipo limapatsa nduna mphamvu yoika malamulo a kasakidwe.

Koma kukhala mwini papepala si kukhala ndi chingwe m'khosi mwa tsekwe. Palibe nduna imene ingauze bakha wakutchire kuti asatere pa Bwanje. Mphamvu zonse zimene boma lili nazo pa nkhaniyi, mukazisenda bwino, zimagwera pa ife anthu ndi ziweto zathu: kumene tingapite, chimene tinganyamule, chimene tingagulitse, chimene tiyenera kunena. N'chifukwa chake ndimati woweta nkhuku aliyense azidziwe mphamvuzi matenda asanafike, osati kudzazimva koyamba palodibuloko dengu la nkhuku lili pakaliyala.

Ndiye malamulo ake ndi ati, ndipo amagwira ndani?

Palibe buku limodzi lokhala ndi zonse. Ndi malamulo angapo amene amagwirana manja.

Msana wake ndi Control and Diseases of Animals Act, Chaputala 66:02 cha malamulo a Malawi, lamulo la 1967. Amaligwiritsa ntchito ndi a nthambi yoona za umoyo wa ziweto ndi chitukuko chake mu unduna wa zaulimi, amene ife timangoti a vetenale. Limalamula mwini chiweto chodwala kapena chokayikitsa kuti achipatule ndi kukanena. Limalola boma kulengeza dera kuti muli matenda, kuletsa ziweto kulowa ndi kutuluka, kulowa pakhomo kukayeza, ndi kulamula kuti ziweto zodwala ziphedwe. Limaperekanso mphamvu pa ziweto zolowa m'dziko. Mphamvuzi tinaziona kale zikugwira ntchito: chigodola chikabuka amaletsa malonda a nkhumba, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje atsekapo misika ya ng'ombe kambirimbiri chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Zimene anachita ndi nkhumba ndi ng'ombe ndi chithunzi cha zimene zingachitike ndi nkhuku.

Kumbali ya mbalame zakutchirezo ndi lamulo la 1992 ndatchula lija. M'nkhalango za boma monga Chongoni, phiri la Dedza, Mua-Livulezi ndi Dzalanyama mumabweranso Forestry Act ya 1997, imene imaletsa kale kupha kapena kugwira mbalame ndi kutola mazira m'menemo popanda chilolezo, kaya kuli matenda kaya kulibe.

Munthu akadwala, nkhani imasamukira ku Public Health Act ya 1948, lamulo lomwe linagwiritsidwanso ntchito nthawi ya Covid-19. Vuto likakula kuposa mphamvu za unduna umodzi pali Disaster Risk Management Act ya 2023 ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA. Pano pa boma, khonsolo ili ndi mphamvu pa misika yake kudzera mu Local Government Act ya 1998, ndipo a DC ndi amene amasonkhanitsa onsewa patebulo limodzi.

Bwanji boma osangotuma alenje akaphe mbalame zonse za padambo pamene pabuka matenda?

Funso ili limabwera pamsonkhano uliwonse, ndipo ndimalimvetsa. Munthu amene wakwirira nkhuku makumi atatu amafuna woyambitsayo alangidwe. Koma yankho langa ndi ayi wamphamvu, ndipo mabungwe a FAO ndi WOAH, oona za umoyo wa ziweto padziko lonse, akhala akulangiza maboma chimodzimodzi: musaphe mbalame zakutchire, musaononge malo ake.

Taganizani dambo lili ndi abakha akutchire mazana angapo, ena mwa iwo ali ndi kachilombo. Mfuti ikalira kamodzi, agwa atatu, otsalawo abalalika, ena ku Lobi, ena kutsidya ku Mozambique, ena kunyanja. Matenda amene anali padambo limodzi tsopano ali pa madambo khumi. Mlenje naye wagwira magazi ndi nthenga, galu wake wanyamula mtembo kukamwa, nsapato zaponda zitosi, zonsezo zikupita kumudzi kumene kuli nkhuku. Kutentha bango kapena kuthira mankhwala m'madzi ndiye kumaposa pamenepo kuipa: mwapha nsomba, mwaononga madzi othirira dimba, mbalamezo zangosamuka.

Palinso lonjezo limene dziko lathu linapanga. Malawi ali m'pangano la Ramsar loteteza madambo, ndipo nyanja ya Chilwa inalowa m'kaundula wake mu 1996, Elephant Marsh mu 2017. Mbalame zoyendayendazi si za dziko limodzi. Chimene boma lingachite mwanzeru ndi kutola zakufa mosamala, kuziyeza, kuzikwirira kapena kuzitentha, ndi kutalikitsa anthu ndi ziweto pamalopo.

Angatiletse kusaka ndi kugulitsa mbalame zootcha?

Angathe, ndipo ine ndingagwirizane nazo malinga chiletsocho chikhale cha dera lodziwika ndi nthawi yodziwika. Mayiko ena anazilemba mwatchutchutchu. Mu 2006 mayiko a European Union anaika lamulo loti H5N1 ikapezeka mwa mbalame yakutchire, pazikhala dera loyang'aniridwa kwambiri la makilomita 3 kuzungulira malowo ndi lina la makilomita 10, ndipo m'menemo kusaka mbalame ndi misika ya mbalame zamoyo zimaletsedwa kwa milungu ingapo. Manambalawo ndi a kumeneko, si a m'malamulo athu, koma nzeru yake ndi yomwe a vetenale kulikonse amatsata.

Kwathu kuno chovuta si mlenje wamfuti ayi. Ndi mnyamata wa legeni ndi ulimbo. Tsiku lina ndikuchokera kudimba ndinapeza anyamata awiri atakhala pamwala akusosola njiwa. Ndinafunsa kuti, "Aphwanga, mwailasa ndinu?" Wamng'onoyo anati, "Iyayi agogo, tangoipeza ikulephera kuuluka." Nthenga zinali mbwee pansi, manja ali magazi okhaokha, nkhuku za pakhomo lapafupi zikutolatola pomwepo. Palibe chinachitika, koma chithunzi chimenecho sichichoka m'mutu mwanga. Mbalame yogwidwa mosavuta nthawi zambiri ndi yodwala. Lamulo lolembedwa ku Lilongwe silifika pamwala umenewo. Amene amafikapo ndi mayi, mphunzitsi ndi nyakwawa.

Ndapeza mbalame zingapo zitafa pamalo amodzi. Nditani?

Musazigwire ndi manja, musazitengere kunyumba, musapatse galu kapena nkhumba. Thamangitsani ana, tsekerani nkhuku zanu. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani muli chapatali. Kenaka uzani mlangizi wa ziweto kapena wa zaulimi wa dera lanu, ndi a mfumu. Mlangizi akapanda kupezeka, pitani ku ofesi ya alangizi a zaulimi ya m'dera lanu (EPA) kapena ku ofesi ya zaulimi pa boma. Dedza ndi Ntcheu zili pansi pa chigawo cha zaulimi cha Lilongwe ADD, ndipo labotale ili pa mtunda wosakwana makilomita 100 kuchokera pa Dedza boma. Chofunika ndi changu, chifukwa mbalame yowola siyezeka bwino.

Tili ndi phunziro lathulathu. Mu Disembala 2005 mbalame zambirimbiri zinapezeka zitafa paphiri lina ku Ntchisi, anthu n'kumatola kukachita ndiwo, boma n'kutumiza zina ku South Africa kukayezetsa. Sinali H5N1, pakuti mu Africa matendawa anatsimikizika koyamba ku Nigeria mu Febuluwale 2006. Koma ikanakhala iyo, miphika inali itawira kale akuluakulu asanafike.

Ena amati, "Moto umapha zonse." N'zoona kuti nyama yopsa bwino, yofika madigiri 70 mpaka m'kati, kachilombo kamafa. Ngozi ili poyambirira paja: pososola, potumbula, potsuka matumbo, pamene fumbi la nthenga likulowa m'mphuno ndi m'maso.

Nkhuku zanga zili bwinobwino. Angabwere kudzazipha chifukwa cha bakha wakutchire wofera kudambo?

Kupezeka kwa matenda mwa mbalame yakutchire pakokha si chifukwa chophera nkhuku za mudzi wonse. Choyembekezeka ndi kulamulidwa kuzitsekera, kuletsedwa kuzisamutsa, ndi kuyenderedwa ndi oyeza. Kupha kumabwera matenda akatsimikizika pakhola kapena nkhuku zanu zikakhala kuti zinasakanikirana ndi zodwala. Zikafika apo lamulo lili kumbali ya boma, ndipo kukaniza kapena kuzembetsa nkhuku usiku ndi mlandu.

Lamulo loti titsekere nkhuku ndi limene lidzatiwawe kwambiri ife a nkhuku zachikuda. Nkhuku yathu imadzidyetsa yokha kudzala ndi kuseri kwa nkhokwe. Kuitsekera milungu itatu ndiye kuti gaga, madzi ndi khola lokwana, pamene nthawi imene mbalame zoyendayenda zili kuno ndi yomweyo ya njala, Januwale ndi Febuluwale, gaga akudyedwa ndi anthu. Wolamula adziwe zimenezi. Ife nafe tiyambe pano: khola la abakha lisiyane ndi la nkhuku, madzi akumwa achokere pamjigo osati padamu, gaga asamamwazidwe pabwalo pamene mpheta ndi akhwangwala amatera.

Akazipha adzandipatsa chipukuta misozi?

Pa mafunso onse, ili ndi limene ndimafuna akuluakulu alimve. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, pa gawo 28, amati munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa. Gawo 44 limati boma likatenga katundu wa munthu pofuna ubwino wa onse pazikhala chidziwitso chokwanira ndi chipukuta misozi choyenera, komanso mwayi wokadandaula kukhoti. Nkhuku zophedwa pofuna kupulumutsa nkhuku za dziko lonse, kwa ine, zikuyenera kuonedwa ndi diso lomwelo. Choncho tsiku limenelo likadzafika, musalole nkhuku kuphedwa osawerengedwa. Chiwerengero chilembedwe, atambala, misoti, anapiye, abakha, tsiku lilembedwe, wogwira ntchitoyo asayine, a mfumu achitire umboni, inu mutsale ndi pepala lanu.

Chifukwa chake ndikulimbikira ndi ichi. Ndinaonapo chitopa chikulowa m'mudzi mwathu. Nkhuku ziwiri zitafa pakhomo lina Lachiwiri, pofika tsiku la msika madengu anali atamangidwa panjinga m'makomo asanu, aliyense akuthamangira kugulitsa zotsala zisanafe. Mayi wina anandiuza misozi ili m'maso kuti, "Achimwene, fizi ya mwana ili mwa nkhukuzi. Mukufuna ndidikire zife?" Ndinalibe chomuyankha. Sanali woipa mtima, anali wosauka. Mlimi akadziwa kuti kunena kubweretsa kuphedwa kwa nkhuku zake popanda kalikonse, sanena. Amagulitsa, ndipo matenda amakwera basi kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Chipukuta misozi chofika msanga si chifundo cha boma chabe, ndi chida chothetsera matenda chofanana ndi labotale.

Wogwira ntchito m'boma akapyola malire, kapena akandipempha kangachepe kuti nkhuku zidutse?

Mphamvu zonsezi zili ndi mpanda. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu woti zochita za boma zomukhudza zikhale zotsata lamulo ndi zachilungamo, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zake polemba. Funsani mwaulemu: "Bwana, chiletsochi chachokera kuti, chikuyambira pati, chithera pati?" Wobwera m'dzina la lamulo sakwiya ndi funso limenelo. Mukalakwiridwa pali ofesi ya Ombudsman, pali Legal Aid Bureau kwa osowa loya, za ziphuphu pali Anti-Corruption Bureau. Makhoti athu anaonetsa kale kuti mliri sutseka pakamwa pa lamulo: mu Epulo 2020 High Court inaimitsa m'bindikiro wa masiku 21 umene boma linalengeza chifukwa cha Covid-19.

Koma naye wopereka kangachepeyo adzifunse. Dengu limodzi lodutsa palodibuloko lingathe kupha nkhuku za boma lonse.

Nanga malire? Pa Lizulu msewu womwewu ndiye malire.

Uku ndiye kufooka kwathu kwakukulu. Boma lili ndi mphamvu yoletsa nkhuku, mazira ndi anapiye kulowa kuchokera kudziko kumene kwabuka matenda, ndipo pachipata cha Dedza kapena cha Biriwiri chiletso chotere chimagwira. Koma kuyambira Dedza kutsika mpaka kupyola Lizulu ndi Tsangano Turn-off, M1 ikuyenda m'malire enieni. Tsidya ili Malawi, tsidya ilo Mozambique, anthu ake amodzi, maliro amodzi, zikwati zimodzi. Nkhuku yopita kwa apongozi sidutsa pachipata.

Apa lamulo lokha silikwanira. Malawi ndi Mozambique onse ndi mamembala a WOAH, ndipo dziko lililonse liyenera kudziwitsa bungweli pasanathe maola 24 matenda oterewa akatsimikizika. Izo ndi za kumalikulu. Pansi pano chimene chingathandize ndi mafumu a mbali zonse ziwiri kumvana, ndi ogulitsa nkhuku pamisika ya m'malire kukana kugula kuchokera kumudzi kumene kukumveka imfa ya nkhuku.

Mafumu ali ndi mphamvu yanji pa nkhaniyi?

Mfumu silengeza dera la matenda, imeneyo ndi ntchito ya boma kudzera mwa a vetenale. Koma nyakwawa ndi gulupu ndi amene amamva koyamba kuti kudambo kwagwa mbalame, ndipo mawu awo amamveka kumene wailesi siimveka. Angathe kuitanitsa msonkhano, kuletsa ana kupita kudambo, kusonyeza malo okumba dzenje kutali ndi zitsime, ndi kuchitira umboni powerenga nkhuku. Kunyanja, m'dera la Inkosi Kachindamoto, makomiti a asodzi a m'madooko ali ndi maso pamadzi tsiku ndi tsiku, ndipo ayenera kukhala ndi nambala ya mlangizi wa ziweto m'foni zawo.

Ndinagwira mbalame yakufa, patapita masiku ndayamba kutentha thupi. Ndidikire?

Musadikire. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo munene momveka kuti munagwira mbalame kapena nkhuku yakufa, liti ndi kuti. Mukangoti mutu ndi kutentha thupi adzakuyezani malungo n'kukubwezani. Kutsokomola, kubanika, zilonda zapakhosi kapena maso kufiira m'masiku khumi mutagwira mbalame yotere ndi zinthu zimene dokotala ayenera kuzimva. Mankhwala a chimfine chotere, oseltamivir, amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku awiri oyambirira. A zaumoyo angakupempheni kukhala panokha ndi kufunsa amene munali nawo pososola, ndipo lamulo la zaumoyo limawalola kutero. Atchuleni onse, ngakhale ana.